Chisoti Pansi, Kumbuyo kwa Njinga

Lachitatu, 10 Julayi

Namwino wandipatsa kope ili ndi cholembera. Akuti foni ndisaigwire kaye chifukwa imatopetsa ubongo, koma kulemba pang'onopang'ono kuthandiza kuona ngati mutu ukugwira. Ndiyambe ndi zomwe amandifunsa maola awiri aliwonse. Dzina langa ndi Lorne Haugen, zaka 63, kwathu ku Swift Current. Pano ndi pachipatala ku Whitehorse, bedi la pazenera. Ndinagwa ndi njinga yamoto Lolemba mumsewu wa Dempster. Kugwako sindikukukumbukira.

Zothyoka: nthiti zinayi kumanzere, ndi fupa la pakati pa khosi ndi phewa. M'mutu mwatuluka timagazi. Ndili moyo, ndipo ndikuthokoza. Dzanja latopa.

Lachinayi, 11 Julayi

Kutentha thupi 37.4. Mankhwala a ululu maola sikisi aliwonse. Kutsokomola ndi nkhondo.

Dokotala ndi mayi wamfupi, a Nakagawa, osadziwa kuzungulira polankhula. Andionetsa chithunzi cha m'mutu mwanga. Magazi aja ali pakati pa chigaza ndi ubongo, kukhuthala kwake mamilimita asanu. Akapanda kuchuluka, thupi liwamwa lokha. Akachuluka, ndikwera ndege ya ku Vancouver kuti akaboole chigaza. Ajambulanso Lolemba.

Kenaka anauza namwino Marivic kuti atulutse thumba la pulasitiki lomwe linabwera nane pa ambulansi. Munali chisoti changa. Choyera chija chasanduka chamatope. Kumanzere chang'aluka kuyambira pakhutu mpaka kunkhongo, kamlomo kotchinga dzuwa kanathothoka, ndipo mbali yotchinga chibwano yapalika ngati wina amainola pamwala.

"Bambo Haugen, papalikapa pakanakhala nsagwada zanu," anatero dokotala. "Amene anakusankhirani chisotichi mukamugulire nkhomaliro."

"Ndinasankha ndekha," ndinayankha.

Limenelo ndi bodza langa loyamba m'chipatala muno, ndipo m'kope muno sililowa. Anandikakamiza kugula chisotichi ndi Garnet Pruden, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo kwa zaka 31. Kwathu tinanyamuka awiri. Ku Dawson, m'mawa wa tsiku lomwe ndinagwa, ndinamulankhula mawu oti munthu sangalankhule ngakhale kwa mdani, iye n'kulowera kwake, ine kwanga. Mu Seputembala akusamukira kwa mwana wake wamkazi ku Nova Scotia, kumapeto kwenikweni kwa dziko. Uwu unali ulendo wathu womaliza. Ndikatuluka muno tisanaonane, ndikumudziwa Garnet ndipo ndikudzidziwa ndekha, basi kwatha.

Bedi la pafupi pali mdala wina, a Elwood, zaka 79, okumba golide. Awadula zala ziwiri za kuphazi chifukwa cha shuga. Atangoona chisoticho anaimba mluzu, n'kuti, "Mnyamata iwe, imfa inakupsompsona n'kukulavula."

Zaka 63 n'kumatchedwa mnyamata. Ndawakonda kale.

Lachisanu, 12 Julayi

Diripu achotsa. Chizungulire chikubwera ndikatembenuka msanga. Andipatsa kachitoliro kopumiramo, ndizikweza timipira titatu kakhumi pa ola kuti mapapo asagone. Ndikukweza tiwiri.

Mutu wandipatsa mpata lero, ndiye ndilembe za chisotichi ndisanayambe kuzikometsera.

Chakale chinali chakuda, chosatchinga chibwano. Anandigulira ndi malemu mkazi wanga Arlys zaka 14 zapitazo, ndipo chinali chitandizolowera ngati nsapato yakale. Mu Meyi, tikukonza ulendo, Garnet anachitola m'garaja mwanga, n'kupisa chala mkati. Siponji inangoyoyoka.

"Ichi si chisoti, aise, ndi mphika wodzalamo maluwa. Ndi chimenechi ine sindinyamuka nawe."

Ndinkayesa nthabwala. Sinali nthabwala. Loweruka lotsatira anandikokera ku Saskatoon, kusitolo ya mayi wina dzina lake Odile, yemwe amagulitsa zisoti ngati akupereka mankhwala. Anandizunguliza tepi pamwamba pa nsidze, masentimita 58. Kenaka anakwera pampando n'kumandiyang'ana paliwombo.

"Mutu wanuwu ndi wa dzira, bambo, si wozungulira. Theka la zisoti muno zikuotchani pachipumi musanafike ku Edmonton."

Ine mtima unali pa chija chotukula kutsogolo konse, kuti ndizimwa khofi osavula, komanso saizi yokulirapo kuti mutu uzipuma paulendo wautali. Garnet anangopukusa mutu.

"Iweyo ndimakudziwa. Uziyenda chili yasa ngati pakamwa pakopo. Tsiku lakugwa sudzapempha nthawi yoti uyambe watseka."

Odile anandiveka china. Masaya anafinyika mpaka milomo kutuluka, Garnet n'kumati ndikuoneka ngati gologolo woba mtedza. Mayiyo anagwira pachibwano n'kugwedeza uku ndi uku. Akuti khungu la kumaso lizipita limodzi ndi chisoti, chikamayenda chokha ndiye kuti chakula. Anamanga lamba, n'kukoka kuchokera kunkhongo kuti aone ngati chingavuke. Atatero anandikhazika pabenchi.

"Theka la ola. Chisoti chimanama mphindi zisanu zoyamba."

Zisoti zitatu, ola ndi theka ndili ndwii pabenchi, anthu akundilambalala. Choyamba chinandiotcha pachipumi monga ananenera. Chachiwiri chinkalemera, khosi likanalira pofika madzulo. Chachitatu ndinasowa pochinenera, ngakhale ndinayesetsa. Chopepuka, chokhala ndi timabowo tolowera mphepo, galasi losachita nthunzi kukazizira, ndi tizingwe tofiira pansi pa masaya toti a ambulansi akoke pochivula osakupotola khosi. Ndinafuna chakuda. Garnet anati choyera, chifukwa m'fumbi oyendetsa malole amaona choyera.

Mpaka pamenepo ndikanamukhululukira. Koma tikutuluka, anabwereka sizasi kwa Odile, n'kudula lamba wa chisoti changa chakale. Mwambo wake ndimaudziwa. Chisoti chokalamba kapena chomwe chamenyedwa kamodzi timadula lamba, kuti wina asachitole kudzala n'kuika moyo wake mmenemo. Nanenso ndadulapo za anthu ena. Koma chimenechi chinali cha Arlys, ndipo sanandifunse. Sindinamulankhule mpaka kunyumba, makilomita 270.

Lero ndachiika chatsopanochi pamiyendo n'kumasisita mng'alu uja ndi chala. Mawu a akulu akoma akagonera. Garnet amandiposa ndi zaka ziwiri zokha, koma waukulu ndi waukulu.

Loweruka, 13 Julayi

Ndayenda mpaka kuchimbudzi ndekha, Marivic ali pambali. Timipira titatu takwera kamodzi. Ndinakuwa ngati ndagoletsa chigoli, nthiti n'kundikumbutsa kuti ndine ndani.

Masana kunabwera akazi a Elwood, a Doreen, ndi poto wokulunga m'thaulo. Nyama ya mphalapala yophika ndi mbatata, ndi buledi wokazinga akadali wotentha. Sanandifunse n'komwe, anangondiikira mbale.

"Idyani, mwana wa eni. Supu wa muno sangalumikize fupa."

"Wamuikira zambiri kuposa ine," anadandaula a Elwood.

"Iwe uli ndi shuga. Komanso iyeyu sanandisautse zaka 54."

Ndinadya mpaka kupukuta mbale. Chakudya cha munthu amene sakukudziwa chimakoma mwa mtundu wina, ndipo misozi inalengeza, ine n'kunamizira tsabola.

Atachoka, mdala uja anandicheukira. "Kodi ku Dempster kuja unapita wekha? Munthu wanzeru sapita yekha kumeneko."

"Tinali awiri."

"Nanga winayo? Unamudya panjira?"

Ndinawauza kuti tinasemphana pang'ono. Pofuna kuthawa nkhaniyo ndinayamba kufotokoza momwe tinadziwirana. Chaka chimenecho tcheni cha njinga yanga chinaduka kupitirira Maple Creek, kopanda nyumba, kopanda mtengo, mafoni a m'manja kulibe. Ndinachita zomwe aliyense wa njinga amachita. Ndinavula chisoti n'kuchiika pansi, kumbuyo kwa njinga.

"Kuti chitani?" anafunsa a Elwood.

"Ndiko kuitana kwathu. Chisoti chikakhala pampando kapena pachiwongolero, ndiye kuti munthu akungopuma, dutsani. Chikakhala pansi kumbuyo kwa njinga, ndiye kuti zavuta. Wa njinga mnzako sadutsa, kaya akukudziwa kaya sakukudziwa."

Magalimoto anadutsa ambiri. Woima anali mkulu wina wamtali wa tsitsi lomanga kumbuyo, yemwe anayamba ndi kundinyoza kuti tcheni changa sichinaonepo mafuta chibadwire. Ameneyo ndiye Garnet. Chiyambire tsiku limenelo sanasiye kundinyoza, ndipo sanandidutsepo.

"Ndiye munthu wotero n'kusemphana naye pang'ono," anatero a Elwood. "Pang'ono pakepo ndikufuna ndidzapamve."

Lamulungu, 14 Julayi

Mwana wanga Twyla wafika kuchokera ku Regina. Analowa ndi nkhope yokonzeka kukalipa, koma ataona chisoti pakabati anangokhala pansi. Wandibweretsera zovala, magalasi owerengera, ndi chitumbuwa cha zipatso za kwathu chomwe chaphwanyika m'ndege. Tadya chophwanyikacho ndi supuni, a Elwood n'kulawako mobisa.

Ndinazungulirazungulira, kenaka ndinafunsa ngati Garnet akudziwa.

"Akudziwa, adadi. Ndinawaimbira Lachiwiri, ali ku Alaska. Anafunsa ngati mukhala moyo, ndinati eya. Anati, 'Chabwino, zikomo mwanawe,' n'kudula. Amalume a Garnet sanandidulirepo foni chibadwire changa. Munawatani?"

Ndinamuuza, a Elwood akumva. Ndilembenso pano kuti ndizione ndi maso.

Njira yonse kuchokera kwathu ndinkadandaula za chisotichi. Chikundifinya, chikunditentha, chakale sichinkatero. Zoona zake n'zakuti pofika tsiku lachitatu chinali chitakhazikika bwinobwino, koma mkwiyo wa lamba uja unali usanathe. Ku Dawson, Lolemba m'mawa, ndinachoka pomwe tinagona kupita kukathira mafuta, kamtunda kochepa, lamba ali lendelende osamanga. Ndinachitira dala. Garnet anandipeza pothira mafuta, n'kundikalipira anthu akuona.

"Manga lambayo, chitsiru iwe! Chisoti chosamanga ndi chipewa cha ku tchalitchi!"

Ine magazi anakwera. Ndinati, "Ine si Corwin. Ukanamulondalonda iyeyo ngati mmene ukundilondera inemu, bwenzi ali moyo."

Corwin anali mwana wake yekhayo wamwamuna. Anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ali ndi zaka 22, akungopita kusitolo yapafupi pa njinga, lamba osamanga. Chisoti anachipeza chili bwinobwino tsidya lina la msewu. Bokosi lake ndinanyamula nawo ine.

Garnet anavala magolovesi chala chimodzichimodzi, n'kuliza njinga, n'kulowera kupantoni wowolokera njira ya ku Alaska. Ine ndinatsala chiimire. Ndinamanga lamba uja, kukoka mpaka kundikanyanga pakhosi, osati chifukwa chomvera ayi, koma manyazi anasowetsa manja chochita. Patapita maola asanu ndinali gada pakati pa msewu.

Twyla anangoti, "Adadi." Liwu limodzi, koma kunena kwake kunali kwa mayi ake.

A Elwood anati, "Mnyamata, ine andidula zala ziwiri. Iwe akanayenera kukudula lilime."

Sindinatsutse. Madzi akatayika saoleka.

Lolemba, 15 Julayi

Ajambulanso mutu 9 koloko. Mamilimita anayi. Magazi akuchepa, ndege ya ku Vancouver kulibe. Dokotala akuti zikapitirira chonchi ndituluka Lachisanu, Twyla andiperekeze kwathu pandege. Njinga osakwera miyezi isanu ndi umodzi, makwerero osakwera, mowa osalawa. Ndinawagwira dzanja mpaka anachita kulisolola.

Masana kunabwera mlendo amene sindinamudziwe, bambo wojintcha wa chipewa cha nsalu. Anati dzina lake Abner, amayendetsa lole yonyamula katundu kupita ku Inuvik, ndipo ndi iye ananditola. Anangofuna kuona ngati katundu wake anafika bwino.

Wandiuza zomwe mutu wanga unataya. Kunagwa mvula, msewu n'kuterera ngati sopo. Iye akutuluka pakona anaona kanthu koyera m'matope, n'kuponda mabuleki.

"Chikanakhala chakuda, achimwene, ndikanayesa tayala lophulika. Sindikufuna kuganiza zambiri."

Sanandivule chisoti. Anaitana thandizo pa wailesi ya m'lole, n'kugwada m'matope atandigwira mutu ndi manja awiri kuti ndisatembenuke, kwa ola ndi theka, udzudzu ukumudya osatha kuuthamangitsa. Anandionetsa pakhosi pake, zipsera zikadalipo.

"Koma munandibowa," anatero akuseka. "Mphindi ziwiri zilizonse, 'Garnet wafika? Garnet wafika?' Ine n'kumati ali m'njira, ali m'njira. Ndinanama mpaka kutopa. Kodi Garnet ameneyu anafika?"

Ndinati sanafike. Anayang'ana pansi n'kusintha nkhani. Ndinafuna kumupatsa kenakake, anakana, anangotenga chidutswa cha chitumbuwa chija. Wasiya nambala yake kwa Twyla. Munthu ameneyu sindidzamuiwala.

Lachiwiri, 16 Julayi

Ndayenda khonde lonse kawiri. Foni andilola mphindi khumi patsiku.

Mphindi khumi za lero ndinazithera polemba ndi kufufuta uthenga wopita kwa Garnet. "Pepa aise." Zachepa. "Sindinatanthauze zimenezo." Bodza, ndinasankha mawu opweteka kwambiri mwadala. Ndinalemba uthenga wautali, n'kuuona ngati kalata yopempha ntchito. Kuimba ndinaopa. Akandidulira ngati mmene anamudulira Twyla, sindidzayesanso, ndikudzidziwa.

A Elwood ankandiyang'ana cham'mbali.

"Walemba buku lonse, watumiza chiyani?"

"Palibe."

"Pakamwa pako ndi pomwe panalakwa, ndiye ukufuna pomwepo pakonze? Paja unati munthuyu unamuitana bwanji tsiku loyamba?"

Ndinangoti kakasi. Mdala wosadziwa n'komwe kuliza njinga.

Ndinapempha Twyla kuti abweretse chikuku chomwe amandikankhira popita kojambula. Anachiimika pafupi ndi bedi. Ndinatenga chisoti ndi dzanja langa labwino, n'kuwerama pang'onopang'ono, nthiti zikutukwana, mpaka ndinachikhazika pansi kumbuyo kwa chikukucho. Marivic analowa pomwepo.

"Bambo Haugen! Mukuwerama ndi mutu umenewo? Ndipo pansi si poika zinthu, ndikupatseni thaulo."

"Ayi, anamwino, chikhale pansi penipeni. Ndikupempha."

Anayang'ana Twyla, Twyla anagwedeza mutu, iye n'kukweza mapewa. Ndinakhala pachikuku, mkono uli m'nsalu, Twyla n'kujambula. Tatumiza chithunzicho popanda liwu lililonse, 2:40 masana. Pofika 3:15 foni inaonetsa kuti wachiona. Yankho palibe.

Tsopano mtima ukundiimba mlandu wina. Mwambo umenewu sukanidwa, ndiye kodi sindikumukakamiza? Mwina ndi choncho. Koma si bodza. Zandivutadi, ndipo wondithandiza ndi mmodzi yekha.

Chisoti ndachisiya pomwepo. Ndauza aliyense kuti asachitole.

Lachitatu, 17 Julayi

Kutentha thupi 36.8. Timipira titatu kakhumi. Chilichonse chikuchira kupatula chimodzi.

Foni ili zii. Mayi wokolopa anakolopa mozungulira chisoti osafunsa kanthu, ndamuthokoza. A Doreen abweretsa nsomba yowamba, yandikanika kudya. Twyla wagula matikiti a Lachisanu, 11 koloko m'mawa.

Garnet akapanda kubwera, sindimunena. Anandipatsa kale mutu wangawu.

Lachinayi, 18 Julayi

Ndilemba zonse.

Cha m'ma 3 koloko masana ndikusinza, ndinamva nsapato zolemera m'khonde, ndi mawu a Marivic akuti, "Bambo, matope amenewo muno ayi!" Kayendedwe kameneko ndingakadziwe pakati pa anthu chikwi, mwendo wamanja amaukoka pang'ono.

Analowa jekete lili matope okhaokha, ndevu zosameta, maso ofiira ndi mphepo. Wachokera ku Fairbanks, makilomita pafupifupi chikwi, masiku awiri, mvula njira yonse. Sanandipatse moni. Anaima n'kuyang'ana chisoti pansi paja. Kenaka anawerama, n'kuchitola, n'kuyamba kuchitembenuza ngati mmene amachitira ndi injini ya munthu wosasamala. Anatsata mng'alu ndi chala. Anasisita popalika paja. Anayang'ana mkati, momwe siponji yaphwatalala mbali yomwe ndinagundira.

Atatero anabwera pabedi, n'kundigwira chibwano ndi dzanja lake lozizira, n'kuchitukula. Pansi pa chibwano changa pali mzere wakuda pomwe lamba anandigwira nditagwa. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Unamanga," anatero.

"Ndinamanga."

Anakhala pampando. Twyla anatuluka mwakachetechete. A Elwood anatseka maso n'kuyamba nkonono wabodza woti sangapusitse ngakhale khanda.

"Garnet," ndinatero, "zomwe ndinanena za Corwin..."

"Ndayenda nazo masiku khumi. Si zachilendo, Lorne. Ndimadziuza ndekha zimenezo m'mawa uliwonse kwa zaka naini. Chondipweteka n'choti zinatuluka pakamwa pako, iwe amene unkandiuza kuti si mlandu wanga. Ndinati, kani nthawi yonseyi amaganiza choncho."

"Sindinaganizepo choncho ngakhale tsiku limodzi. Ndinafuna chokubaya nacho, n'kutola chomwe ndinadziwa kuti chilowa. Ndinalakwira iwe, ndinalakwiranso mwanayo. Ndikhululukire, achimwene. Ndipo ndili moyo chifukwa cha iwe, dokotala wanena, woyendetsa lole wanena, ine ndekha ndi amene ndinali ndisananene."

Anapukuta kumaso ndi golovesi, n'kudzipaka matope.

"Chithunzi chija nditachiona ndinatukwana," anatero. "Ndinati galu ameneyu akudziwa kuti sindingadutse. Ndinayesa kupitiriza ulendo wanga. Ndinafika makilomita twente, njinga inakana."

"Njinga?"

"Njinga. Usandifunse zambiri. Nanenso cha Arlys chija ndikanayamba ndakufunsa. Ndinkaopa kuti ukapita nacho kunyumba uchivalanso."

"Ndikanachivaladi."

"Ndikudziwa, chitsiru iwe."

Chitsiru chimenecho chinandikomera kuposa mankhwala onse a muno. Ndinaseka, nthiti n'kundibaya, iye n'kumati ndizo, zikubaye.

Ndinaitana Marivic n'kupempha sizasi yodulira mabandeji. Ndinaipereka kwa Garnet, koma anabweza.

"Ine ndinadula kamodzi, unandikwiyira miyezi iwiri. Dula wekha."

Ndili ndi dzanja limodzi. Iye anagwira chisoti n'kukoka lamba kuti awongoke, ine n'kudula. Lambayo ndi wolimba, ndinachita kubwereza katatu.

"Mwamaliza?" anafunsa a Elwood, diso limodzi lili tong'o. "Chifukwa nkonono wabodzawu wandiumitsa kukhosi. Akulu inu, ndinu Garnet? Mnyamatayu watisowetsa mtendere."

Garnet anadya nsomba ya a Doreen yonse ija. Akuti mawa atiperekeza kubwalo la ndege, kenaka apita kukaona chomwe chatsala pa njinga yanga. Akuti chaka chamawa mu Juni ndikamupeze ku Nova Scotia, msewu wake ndi wa phula wokhawokha, woyenera okalamba. Koma ndiyambe ndadzera kwa Odile, ndikakhale pabenchi theka la ola, ndipo adzaimba foni kufunsa ngati ndinakhaladi. Ndavomera zonse osatsutsa, mpaka anandigwira pachipumi kuona ngati ndikutentha thupi.

Panopa wapita kukasamba, Marivic wamuthamangitsa ndi mopu. Kope latsala masamba awiri. Ndikuthokoza dokotala, Marivic, a Doreen ndi poto wawo, mdala wa zala zisanu ndi zitatu, mayi wokwera pampando ku Saskatoon, ndi mwana wanga. Mphindi khumi za foni za lero ndinali ndisanazigwiritse ntchito, ndiye ndapempha Twyla nambala ya Abner, munthu amene anagwada m'matope n'kumandinamiza kuti ndisataye mtima. Ndamulembera mawu awiri okha: Garnet wafika.